A Nazale, Amene Adaswa Magalasi a Boma

Anthu akandifunsa mawu omaliza a atsibweni anga, amayembekezera vesi kapena malangizo a banja. Ayi ndithu. Iwo anangotsegula maso pabedi la kuchipatala, nkundiyang'anitsitsa, nkufunsa kuti, "Aphunzitsi, mbande zija mwathirira?"

Ndinayankha kuti eya. Linali bodza. Ndinali nditakhala masiku anayi pambali pa bedi lawo, ndipo kunyumba kwawo ku Area 4 ndinali ndisanapondeko chiwagonekereni. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mipopi ya m'tauni ikungotulutsa mphepo. Nthawi imeneyo mbande za m'machubu zikakhala masiku atatu osamwa, ndiye kuti zapita. Iwo ankadziwa zimenezo kuposa ine. Anagwedeza mutu pang'ono, nkutseka maso, ndipo mawa lake anatisiya. Bodza limenelo ndinakwera nalo galimoto ya maliro mpaka kumudzi, ndipo linkandilemera kuposa chisoni.

Dzina lawo adali a Lameki Mbewe, mlongo wa mayi anga, koma mukadafunsa dzina limenelo mu Old Town akadakuuzani kuti mwasokera. Aliyense ankawadziwa kuti a Nazale, chifukwa moyo wawo wonse adauthera pa kufesa mitengo. Adali amfupi, a miyendo yamatewe, oyenda mofulumira ngakhale popita kumene kulibe chowadikira. Jekete yawo ya kutchalitchi inkalendewera mbali zonse chifukwa matumba adali odzaza njere: za mbawa, za mthethe, za msambamfumu zakuda za kamutu kofiira zija. Akazi awo, malemu Nankhoma, ankadandaula kuti akachapa jekete imeneyo osapisa m'matumba, pakutha pa sabata pochapira pankamera nkhalango.

Machubu ogula ankawakana. Ankatola mapaketi a shuga, a mkaka, a mchere, kulikonse kumene awaona, nkuwaboola pansi, nkuthiramo dothi. Manyazi pa nkhani imeneyi adalibe ngakhale pang'ono, ndipo manyazi awowo tinkawasenzera ndife. Pa ukwati wa mwana wanga, mu holo yabwino ku City Centre, nthawi ya perekaniperekani woulutsa adaitana dzina lawo katatu konse. Zii. Ndidakawapeza kuseri kwa khitchini, atavala suti yobwereka, akusankha mapaketi m'bini. Ndidapsa mtima, ndipo ndidawayankhula mawu amene mwana sayenera kuyankhula kwa atsibweni ake. Iwo adandiyang'ana modabwa, nkundifunsa ngati mkwati wachepekedwa kanthu chifukwa cha mapaketi amenewo. Adakavina ndithu, koma mtolo wawo uli m'khwapa.

Mbande sankagulitsa. Ankapereka ulere, koma ulere wake udali wowawa. Munthu wodzapempha ankafunsidwa mafunso ngati wadzafunsira mbeta. Mukadzala pati? Mbuzi zilipo? Nyumbayo ndi yanu kapena ya lendi? Nanga mukasamuka, mtengowo mudzasiyira yani? Pakatha miyezi iwiri ankatulukira pakhomo panu osaitanidwa, ati kudzaona mwana. Akapeza wauma sankakalipa. Ankangokupatsani moni wa pakamwa, osatambasula dzanja, mwezi wathunthu.

Atapuma ntchito ya boma adayamba kusamala maluwa m'nyumba zikuluzikulu za ku Area 10 ndi ku Area 43. Sindikudziwa kuti adachotsedwa kangati, koma sikadali kamodzi kapena kawiri. Mlandu kawirikawiri udali wa masamba. Eni nyumba ankafuna pabwalo poyera mbee, masamba asesedwe nkutenthedwa tsiku lililonse. Kusesa ankasesa, koma m'malo moyatsa moto ankakumba dzenje m'mbali mwa mpanda nkukwirira. Ankati tsamba ndi chakudya cha nthaka, ndipo wolitentha amamana nthaka yanjala nkudyetsa kumwamba kumene kwakhuta kale. Dona wina adawalamula kuti adule mkuyu waukulu chifukwa nkhuyu zinkadetsa galimoto. Iwo sadakane. Adapempha nkhwangwa, adapita nayo kukanola, ndipo kunolako kudatenga milungu itatu, mpaka dona adatopa nkumangitsa kashedi ka galimoto. Mkuyuwo ulipo mpaka lero, koma ntchito idatha mwezi womwewo.

Mawu oti kumwamba kwakhuta adawayamba nkhani za kusintha kwa nyengo zitachuluka pa wailesi. Iwo adali ataona kale kuti chinachake chasokonekera. Ankati kale mvula yodzalira inkabwera ngati mlendo wosunga pangano, koma tsopano imabwera mochedwa, mwaukali, nkusowa chimanga chili m'mawondo. Tsiku lina adandiitanitsa kuti ndikawamasulire zimene wailesi ikunena. Ine ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale, nchifukwa chake ankanditcha aphunzitsi, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati udali ulemu kapena kundinyodola.

Ndidafotokoza monga ndimachitira m'kalasi. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumlengalenga nkufika pansi, nthaka nkutentha. Nthaka ikatentha imabweza kutenthako m'mwamba kuti kutuluke kupite kutali. Koma mumlengalenga muli mipweya ina imene imalola kuwala kulowa, nkumagwira kutentha kochokera pansi, kwina nkukubwezera kwa ife. Mipweya imeneyi siyoipa payokha. Ikadapanda kukhalapo, dziko likadazizira moti sitikadakhalamo. Vuto ndi loti taichulukitsa. Mafuta a galimoto, malasha a m'mafakitale, nkhalango zimene timatentha, zonsezi zimatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene ukakwera umakhala komweko zaka zambirimbiri. Mtengo ukamakula umamwa mpweya umenewo nkuusunga m'thupi mwake. Ukautentha, zimene udasunga moyo wake wonse zimabwerera m'mwamba tsiku limodzi.

Adamvetsera manja ali mu dothi, akudzaza mapaketi. Nditamaliza adati, "Ndiye kuti ndi nyumba ya magalasi basi."

Uphunzitsi ndi matenda. Ndidayamba kuwakonza kuti sizofanana kwenikweni, kuti galasi limatsekera mpweya wotentha kuti usatuluke pomwe mipweya ija imagwira kutenthako mwa njira ina, ngati bulangete. Adandidula ndi dzanja lamatope.

"Aphunzitsi, inu mudawerenga. Ine nyumba imeneyo ndidalowamo Lamulungu masana. Kulowa kumalowa, kutuluka ayi. Zina zonsezo ndi Chingerezi."

Nkhani ya Lamulungu limenelo idachitika zaka zimene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba kubwera kuno. Ine ndidali ndisadayambe sukulu. Ndidaimva kwa mayi anga, kwa anzawo ogwira nawo ntchito, ndi kwa eni ake, amene ankaifotokoza mosakometsa. Lilongwe wa nthawi imeneyo adali Old Town yekha: msika, masitolo a amwenye, mlatho, ndi maofesi ochepa a boma. Kumene kuli City Centre ndi Capital Hill kudali fumbi lofiira, mathirakitala akugumula zitsa, mauvuni a njerwa akufuka mbali zonse. Midzi idasamutsidwa, mitengo idagwa. Atsibweni, atangokwatira kumene, adalembedwa ntchito pa nazale ina cha kumtsinje wa Lingadzi, yofesa mitengo yoti idzadzalidwe m'misewu ya mzinda watsopano.

Malole ochokera ku Zomba ankabwera ndi chilichonse: matebulo, mafayilo, makalaliki ndi mabanja awo. Lole ina idabweretsa nyumba ya magalasi yophwasula, ndipo atayimanganso adakhomanso pachitseko chikwangwani chake chakale cha malamulo. Lamulo limodzi linkati Loweruka masana, poweruka, mazenera onse atsekedwe ndipo chitseko chikhomedwe mpaka Lolemba. Ku Zomba lamuloli lidali ndi mutu wake, pakuti anyani a m'phiri ankalowa nkuzula mbande, komanso kumeneko kumazizira. Pa Lingadzi padalibe phiri. Koma kapitawo wawo, a Matewere, amene adabwera pa lole yomweyo ndi magalasiwo, adali munthu woti cholembedwa ndi cholembedwa. Miyezi yozizira yonse palibe chidaoneka. Kenaka kudatentha.

Sabata imeneyo m'nyumba ya magalasi mudali mbande zanthete, zongowokera kumene m'machubu. Zambiri zidali za mitengo yachilengedwe, ndipo njere zake adatola ndi atsibweni eni ake, pa nthawi yawo yopuma, pansi pa mitengo imene mathirakitala ankabwera kudzagwetsa. Makolo a mbandezo adali atapsa kale m'mauvuni, ndiye zikadafa, kokatolanso njere zina kudalibe pafupi. Loweruka poweruka adapempha ndi ulemu wonse.

"Bwana, bwanji tisiyeko mazenera a pamwamba okha? Dzuwa la kuno si la kwanu."

"Iwe Mbewe, lamuloli udalemba ndiwe?" adatero a Matewere. "Zikasowa zinthu muno ukayankha ndiwe?" Adakhoma loko, kiyi m'thumba, ulendo.

Lamulungu atsibweni adapita kutchalitchi ku Old Town monga mwa masiku onse. Tchalitchi chake chidali cha malata. Mazenera onse adali otsegula, koma amayi ankadzikupiza ndi mabuku a nyimbo, ana akulira, mlaliki thukuta lili kamukamu. Ankati ulaliki wa tsiku limenelo sadamve ngakhale liwu limodzi. Maganizo adali amodzi: ngati ife tikupsa chonchi mazenera ali otsegula, nanga zija? Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adaimirira pakati pa ulaliki, anthu onse akuwayang'ana, adakwera njinga, nkupalasa m'fumbi mpaka ku Lingadzi dzuwa lili paliwombo.

Atagwira galasi lidawaotcha dzanja. M'kati mbande zonse zidali zitaweramitsa mitu. Mlonda wa pamalopo, mkulu wachikulire, ataona kuti akuyang'ana mpini wa khasu, adawagwira mkono nkuwachonderera. Achinyamata a lero sangamvetse chifukwa chake. Masiku amenewo kuswa katundu wa boma sikudali kuswa galasi chabe. Munthu wina akadangonena kuti wachita dala pofuna kunyoza boma, ukadapita kumene abale ako sakadayerekeza kufunsa. Kunyumba Nankhoma adali ndi pakati pa mwana woyamba. Atsibweni sankabisa kuti adaima pamenepo nthawi ndithu, ndipo kawiri konse adagwira njinga kuti abwerere.

Kenaka adagubuduza diramu, adakwerapo, nkuswa magalasi anayi a padenga. Adayamba pamwamba chifukwa ali mwana adaona m'mabalani a fodya kuti kutentha kumathawira kudenga. Mpweya umene udatuluka pamenepo udawamenya kumaso ngati watsegula kukamwa kwa uvuni wa njerwa. Adaswanso limodzi la pansi pafupi ndi chitseko, nkukwawa kulowa ndi kheni yothirira. Adatunga madzi ku Lingadzi maulendo osawerengeka, atavala jekete ya kutchalitchi, dzanja likutuluka magazi, mpaka dzuwa lidapendeka. Mlonda uja, ataona kuti madzi atayika kale, adavula chipewa nkuyamba kutunga nawo.

Lolemba a Matewere adafika, adaona magalasi pansi, ndipo adakhala pa diramu paja atagwira mutu. Adalemba lipoti. Adabwera bwana wamkulu wa ku ofesi, adalowa m'nyumbamo, nkuyenda pang'onopang'ono kuyambira pakhomo mpaka kumapeto. Mbande za kumapeto, kutali ndi mabowo aja, zidali zitapsa ngati zathiridwa madzi owira. Zina zonse zidali zitadzuka. Bwanayo adatuluka, adawerenga chikwangwani cha pachitseko, ndipo adakwera galimoto nkumapita. Masiku atatu otsatira Nankhoma adagona katundu ali m'mitolo, galimoto iliyonse yodutsa mtima uli m'mwamba.

Chigamulo chidabwera Lachinayi. Sadamangidwe, sadachotsedwe, koma chilango chidalipo. Adawatulutsa ku nyumba ya magalasi, kumene kudali ntchito yopepuka, nkuwatumiza ku gulu lokumba maenje m'misewu, ntchito imene aliyense ankaithawa. Chikwangwani chija chidasowa pachitseko mwakachetechete, ndipo palibe adapepesa mnzake. Mvula itagwa, mbande zimene gulu lawo lidapatsidwa kuti lidzale zidali zomwe zija. Ndiye mukaona mabwana akulimbirana mthunzi poimika magalimoto ku City Centre, dziwani kuti ina mwa mitengo imeneyo idapulumukira pa bowo la mpini wa khasu.

Atsibweni sadawasungire mangawa a Matewere. Ankati munthu uja adali ndi mantha ngati wina aliyense, ndipo kutseka kudali ndi pepala pomwe kutsegula kudalibe. Chimene chinkawasautsa atakalamba nchakuti kumwamba kulibe galasi loti munthu angakwere pa diramu nkuliswa. Njira ndi kuchepetsa moto pansi pano ndi kuchulukitsa mitengo, ntchito yochedwa, ndiye yofunika kuilawirira. Ine ndikamabwera ndi nkhani zofooketsa za m'mabuku, zoti madzi akusefukira uku, chilala uku, sankazitsutsa. Ankangoti iwo adaona ndi maso awo fumbi lofiira likusanduka mthunzi m'moyo wa munthu mmodzi, choncho wowauza kuti nzosatheka ayambe wakumba maenje zaka khumi.

Koma musaganize kuti aliyense ankawaombera m'manja. Mdani wawo wa tsiku ndi tsiku adali mayi Nachisale, amene amagulitsa makala pa geti lawo penipeni. Ndi mayi wamasiye, wa mawu omveka tsidya lina la msewu, amene walera ana ndi zidzukulu ndi timapepala ta makala. Zaka zoposa makumi awiri moni wawo wa m'mawa udali nkhondo.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Lero tikuotcha nkhalango ya kuti?"

"Tadzuka, a Nazale. Ya ku Dzalanyama yomweyo. Nanga inu tiyi wa m'mawa uno mwawiritsira masalimo?"

Pamenepo atsibweni ankagonja, chifukwa magetsi akathima, nawonso ankagula kapepala ka makala kwa mayi yemweyo, nkhope atayang'ana kumbali.

Kamodzi kokha nkhondoyo idafika pa mtima. Atsibweni adapatsidwa mpata woyankhula kutchalitchi za kusamala chilengedwe, ndipo pakamwa padawatsogola. Adatchula ogulitsa makala ngati adani a dziko, a Nachisale ali chikhalire pa benchi yachitatu. Madzulo ake mayiyo adalowa pa geti osaodira. Ine ndidalipo.

"A Nazale, inu mwagwira ntchito ku ma Area uko. Nyumba imodzi magalimoto anayi, jenereta kumangolira. Kunja kuli mafakitale, ndege zikudutsa pamutu pathu tsiku ndi tsiku. Ndiye dziko latentha chifukwa cha kambaula ka Nachisale? Mukuona ine chifukwa ndine wapafupi. Akuluakuluwo mumawavulira chipewa. Ndipatseni china choti anthu aziphikira, mawa lomwe makala ndisiya."

Atsibweni adatembenukira kwa ine ngati kuti ndiwawombole. Ndidawauza zoona, kuti mayiwo sakunama. Nkhalango zathu zikutha ndi makala, inde, koma mpweya wambiri umene ukutenthetsa dziko udachokera kwa olemera, makamaka a maiko akutali, pomwe ululu wake umayambira kwa osauka. Mawa lake m'mawa atsibweni adatuluka pa geti chipewa chili m'manja, nkupepesa pamaso pa ogula onse. Za makala sadazitchulenso kutchalitchi. Koma nkhondo ya pa geti idayambiranso sabata yomweyo, chifukwa popanda iyo onse awiri akadadwala.

Atsibweni tinawaika kumudzi kwathu cha ku Mitundu. Ana awo awiri anafika, wina kuchokera ku Mzuzu, wina ku Joni. A ku Area 4 anabwera pa lole yodzaza: amayi a mvano, akuluampingo, madala ena amene adakumba nawo maenje. Ndinayang'ana nkhope imodzi imodzi potsika. A Nachisale panalibe. Ndinayang'ananso kumanda, ndinayang'ana m'siwa. Kwathu kuno munthu angakane kukubwereka mchere, angakutukwane pa msika, koma maliro a mnansi wa zaka makumi awiri sajomba. Ndinawaweruza mumtima mwanga ndi mawu oipa, ndipo kunena zoona kunandikomera kupeza munthu wina wolakwa kuposa ine.

Titasesa ndi kumaliza zokambirana za banja, ndinabwerera m'tauni. Panali patadutsa masiku khumi chithirireni chawo chomaliza. Ndinatsika minibasi ku depoti nkuyenda pang'onopang'ono dala, chifukwa ndinkadziwa chimene ndikukaona: mizere ya timitengo touma, mazanamazana, ntchito yawo ya chaka chonse. Nditafika ndinapeza waya womangira geti ataduka. Ndinakankha. Pabwalo panalibe mbande youma. Panalibe mbande iliyonse. Ndinakhala pansi pomwepo, ndikuganiza kuti akuba a masiku ano safuna ngakhale kudikira kuti dothi la pamanda liume.

"Mwabwerako, aphunzitsi? Pepani ndi maliro."

Anali a Nachisale, ataima pa geti, manja ali bii.

"Sitinakuoneni," ndinatero, osawayang'ana.

"Simunandione, eya. Ndikanakwera lole ija, ana awo akanamwa chiyani?"

Anakhala pa njerwa nkundifotokozera. Atsibweni atangopita kuchipatala, iwo anasuzumira pa mpanda wa bango nkuona mbande zikufota. Mpopi unali wouma, ndipo madzi a kumtsinje mayi mmodzi sakanakwanitsa kutungira mizere yonseyo. Ndiye anadula waya, nkuyamba kututa ndi wilibala ya makala. Aliyense wobwera kudzagula ankapatsidwa machubu awiri kapena atatu, kuti akaike pakhonde nkumathirira madzi otsukuluzira mbale mpaka mvula igwe.

"Ndinawauza poyera kuti wokana mbande, makala kwa ine asadzagulenso. Akagule kumsika, akaone ngati kumeneko amaikira basera."

Zina zinapita ndi alonda ndi anyamata a maluwa ku ma Area, kumene kuli mathanki a madzi. Zina zili kuseri kwa masitolo ku Area 2, zina kwa osoka nsapato a pa mlatho. Tsiku la maliro ankagawa mizere yomaliza.

"Kulira ndinalirira pompano, ndikukankha wilibala. Wondiona anandiona. Za mthethe zazing'ono za kukhoma uko sindinazipeze bwino, zinali zitapita kale. Mundikhululukire."

Iwo kupempha ine kuti ndiwakhululukire! Ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira kumanda, ndipo ndinawauza zonse, za funso lija, za yankho langa, ngakhalenso za mawu amene ndinawanenera mumtima. Sanandisisite. Anati zimenezo ndikakambirane ndi Mulungu wanga, iwo ali ndi funso lina.

"Izi zapulumuka. Nanga chaka chamawa afesa ndani? Ine ndimadziwa makala. Aphunzitsi ndinu."

Wogula anaitana panja, ndipo anadzuka nkundisiya ndekha.

Pabwalopo ndapitakonso kangapo kuyambira tsiku limenelo. Palibe chobiriwira ngakhale chimodzi. Kashedi ka bango kakuponya mthunzi wa mizeremizere pa dothi lopanda kanthu, ndipo nkhuku za oyandikana nawo zapeza posamba fumbi. Khomo la nyumba ndi lokhoma, pawindo kangaude wayamba kale ntchito. M'mawa pa geti pamakhala bata losazolowereka, moti ogula amayankhula monong'ona. Koma sindinaonepo malo opanda kanthu ondikhazika mtima pansi chotere, chifukwa ndikudziwa kumene zonse zinapita, ndipo sabata ino mitambo yayamba kusonkhana cha ku Dedza. Pansi, pamene panali machubu, patsala timabwalo tozungulira todindika m'dothi, kamodzi pambali pa kanzake, kuyambira pa geti mpaka kukhoma. Mphepo sinatifufute. Munthu atafuna kuikapo machubu ena, sangasokere poyambira.